Munthu amamira bwato likali padoko

Sabata yatha mwana wina wa Giredi 11 anandifunsa funso limene linaseketsa kalasi yonse. Tinali kukamba za njanji ndi madoko a m'nthawi ya atsamunda, mmene mkuwa wa ku Nkana unali kuyendera mpaka kukafika ku Beira. Iye anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, ife kuno ku Kamitondo madzi timawaona cabe mvula ikasefukira m'ngalande. Nanga za madoko zitikhudza ciani?" Anzake anaseka, nane ndinaseka nao. Belu linalira ndisanamuyankhe bwino. Funsolo linanditsata mpaka kunyumba, ndipo yankho limene linandikanika m'mphindi 40 za phunziro ndalilemba pano, kuti iye ndi inu nonse muliwerenge.

Ndiyambe ndi ndiwo. Kapenta amene munadyera nsima dzulo sanamere m'dimba. Ngati anali uja wamkuluko, anacokera ku Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika. Ngati anali wamng'ono, anacokera ku Siavonga kapena ku Sinazongwe pa Kariba. Nsomba zouma zimene zadzaza matebulo ku Chisokone zimacokera ku Kashikishi pa nyanja ya Mweru ndi ku Samfya pa Bangweulu. Amene amakazitenga ndi amayi a m'makomboni athu omwe, a ku Kamitondo, ku Buchi, ku Kwacha ndi ku Chimwemwe, ndipo ambiri a iwo akatsika basi amakweranso bwato kupita kumisasa ya asodzi. Ndalama ya yunifomu ya ana ambiri m'kalasi mwanga inaoloka madzi isanafike kwa telala. Musaiwalenso kuti kuno ku Kitwe komwe, mlatho wa Mufuchani usanamangidwe, anthu anali kuoloka Kafue pa mabwato ndi pantuni kupita kuminda yao, ndipo ena sanabwerere.

Cimene ndifuna kunena ndi cimodzi. Ngozi zambiri za pamadzi zimayambira padoko, pa ola limene munthu wina anayenera kunena kuti "bwato ili silinyamuka" koma sananene. Atsamunda anali nao anthu a mphamvu zotere m'madoko mwao, ndipo maso a anthuwo anali pa katundu. Ife tinalandira ufulu mu 1964, tinasintha mbendera ndi maina a matauni, koma maso a munthu wa padoko akali pa katundu mpaka lero.

Agogo anga aamuna anabadwira ku Nkhotakota, kumene azungu anali kulemba kuti Kota Kota. Anabwera ku Nkana kudzagwira nchito ya mgodi monga anyamata ena ambiri a ku Nyasaland, ndiye cifukwa cake m'nyumba mwathu timalankhula Cinyanja pamene panja ponse ndi Cibemba. Atakalamba anali kukonda kukhala pakhonde ndi kuyang'ana mseu. Akaona minibasi yodzaza mpaka kondakitala kulendewera pacitseko, anali kupukusa mutu ndi kunena kuti, "Vipya iyo." Ndili mwana ndinali kuganiza kuti ndi mau otukwana a kwao. Ndinadzamvetsa ndili ku yunivesite, iwo atamwalira kale.

Vipya inali sitima ya pamadzi ya kampani ya Nyasaland Railways, imene inali kuyendetsa njanji pamodzi ndi sitima za pa nyanja ya Nyasa. Anaipangira ku Britain mkati mwa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, naibweretsa zidutswazidutswa, nailumikiza ku Monkey Bay. Inali ya matani 470, ndipo anailembera kuti ikhoza kunyamula anthu 315 ndi katundu wa matani 100. Pa 30 Julayi 1946, pa ulendo wake wacinayi cabe, inacoka ku Mbamba Bay, tsidya la Tanganyika, kulunjika ku Florence Bay, pamene lero amati Chitimba, kunsi kwa phiri la Livingstonia. Julayi ndi nyengo ya mwera, mphepo imene imaomba motsatira utali wa nyanjayo ndi kuutsa mafunde aatali kuposa munthu. Msodzi aliyense wa m'mphepete mwa nyanja amaudziwa mwera, ndipo ukauka amakokera bwato lake pamcenga. Vipya inapitiriza ulendo. Isanafike ku Florence Bay inapendekeka, inagubuduzika, nimira. Munali anthu 194. Anapulumuka 49. Anthu 145 anapita nayo pansi, pamodzi ndi kaputeni wake, Farquharson, m'nyanja imene malo ena ndi yakuya mamita 700.

Yang'anani bwino manambala awo. Sitima ya anthu 315 inali ndi anthu 194. Agogo analakwitsa pang'ono poiyerekeza ndi minibasi yodzaza, pakuti Vipya sinadzaze. Conco mafunso otsala ndi awiri. Kodi sitimayo inali yokhazikika bwino pamadzi? Kodi inayenera kuoloka nyanja tsiku limenelo? Kuyambira 1946 anthu akhala akukangana pa nkhaniyi. Ena amaloza kaputeni, kuti anacita liuma ndi mphepo. Ena amaloza kapangidwe ka sitimayo, kuti inali yolemera kumwamba. Sankhani mbali imene mufuna, mudzapeza kuti mafunso onse awiri ndi a padoko. Loyamba amaliyankha munthu woyesa sitima asanasaine cikalata coilola kunyamula anthu. Laciwiri amaliyankha munthu amene ali ndi mphamvu youza kaputeni kuti adikire mpaka mawa. Pamene funde lomaliza linamenya, zonse zinali zitagamulidwa kale.

Ndipo amene analibe mau pa zonsezi ndi amene anali ambiri m'sitimamo. Kalasi yoyamba, ya pamwamba, inali ya azungu. Anthu akuda ambiri anali kukwera kalasi yacitatu, m'munsi. Ganizirani cimene cimacitika sitima ikagubuduzika muli m'munsi. Nyali zazima, katundu akugwa, muli ndi mwana kumsana, ndipo madzi akulowera pa makwerero omwewo amene inu mufuna kutulukira. Azungu naonso anafa tsiku limenelo, nyanja sinasankhe khungu. Koma malo a munthu m'sitimamo anali atasankhidwa kale pa windo la matikiti, ndipo pa windo limenelo khungu linali kuwerengedwa.

Wina anganene kuti inali nthawi yakale, anthu anali asanadziwe. Limenelo ndi bodza, ndipo ndifuna mudziwe cifukwa cake. Zaka 70 Vipya isanamire, nyumba ya malamulo ya Britain inali itakambirana kale nkhani yomweyi. Panali phungu wina wa ku Derby, Samuel Plimsoll, amene anaona kuti eni sitima ena anali kutenga zombo zoola, kuzidzaza katundu mopitirira, kuzilipirira inshuwalansi yaikulu ndi kuzitumiza panyanja. Ikafika, phindu. Ikamira, phindu lomwe. Amalinyero anali kuzicha mabokosi a maliro. Mu 1873 Plimsoll analemba buku lakuti Our Seamen, ndipo mu 1875, ataona kuti boma lifuna kukankhira nkhaniyo kutsogolo, anapsa mtima m'nyumba ya malamulo mpaka kuwanena anzake kuti ndi zigawenga. Mu 1876 lamulo linadutsa. Sitima iliyonse inayenera kukhala ndi mzere wopentedwa m'mbali mwake, ndipo madzi akaubisa mzerewo ndiye kuti katundu wapitirira. Poyamba mwini sitima ndiye anali kusankha poika mzerewo, zimene zili ngati kuuza mwana wa sukulu kuti adzicongere yekha mayeso. Mu 1890 anakonza, boma linayamba kunena pamene mzere uyenera kukhala. Titanic itamira mu 1912 ndi anthu oposa 1,500, maiko anakumana ku London ndipo mu 1914 anagwirizana za mabwato opulumukira ndi wailesi.

Conco mu 1946 nzeru zonse zinalipo. Anali kudziwa kuyesa sitima kuti aone ngati idzadzuka ikapendekeka. Anali kudziwa kuti mkulu wa doko afunika mphamvu zotsekera sitima. Koma mapangano aakulu aja anali a sitima za panyanja ya mcere zoyenda pakati pa maiko. Nyanja za mkati mwa Africa, kumene okwera ambiri anali ife, anazisiyira boma la koloni lililonse ndi kampani imene inali kuyendetsa sitimazo.

Tsopano yerekezani ndi ulendo wa mkuwa. Mkuwa wa Rhokana ukacoka ku Nkana unali kukwera njanji kudzera ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, kuoloka Zambezi pa Victoria Falls, kupyola Bulawayo, Salisbury ndi Umtali mpaka ku Beira. Wina unali kutulukira ku Lobito pa njanji ya Benguela. Unali kuyesedwa pa sikelo usananyamuke, kulembedwa m'zikalata za katundu, kuwerengedwanso padoko, ndipo unali ndi inshuwalansi. Sitima younyamula inali ndi mzere wa Plimsoll ndi cikalata ca oyesa zombo, pakuti palibe wa inshuwalansi amene akanalola cuma cotere kukwera cinthu cokayikitsa. Boma lomwelo linali kudziwanso kutiwerenga ife likafuna. Mwamuna aliyense anali ndi citupa, mudzi uliwonse unali m'buku la msonkho. Anali kutiwerenga polipira. Pokwera sitima tinali gulu la m'munsi.

Mtengo wa moyo wathu m'mabwalo ao unali utaoneka kale mu 1917. Pa 21 Febuluwale caka cimeneco sitima ya Mendi, imene inanyamula anchito akuda a ku South Africa kupita ku nkhondo ku France, inagundidwa ndi sitima ina, Darro, pafupi ndi Isle of Wight. Anthu oposa 600 anamira m'madzi ozizira, ndipo Darro sinatsitse mabwato kuti iwatole. Cilango ca kaputeni wake cinali kumulanda laisensi kwa caka cimodzi.

Vipya itamira, kampani inaitanitsa sitima ina. Ilala anaipanga a Yarrow pafupi ndi Glasgow mu 1949, inabwera zidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba nchito mu 1951. Yakumana ndi mwera wa zaka zoposa 70. Yagundapo miyala, yakonzedwa kangapo, koma mwera sunaigubuduze. Nyanja ndi yomweyo, mphepo ndi yomweyo. Amene amati Vipya inaphedwa ndi mphepo cabe andifotokozere zimenezo.

Pano ndikuona ena a inu mwayamba kugwedeza mutu mokondwa, kuti eya, mzungu ndiye wolakwa. Dikirani pang'ono, pakuti mbali yotsatira ndi yathu.

Pa 24 Okutobala 2014, tsiku limene Zambia inakwanitsa zaka 50 za ufulu, bwato linagubuduzika pa Kariba m'boma la Gwembe. Anafa anthu 26, ndipo ambiri a iwo anali ana a sukulu amene anali kupita ku cikondwerero ca ufuluwo. Kuno ku Kitwe tinali kuguba ndi kuvina, tavala zitenge za mbendera. Mzungu anali atacoka zaka 50 zapitazo. Ana aja anawakweza m'bwato ndi anthu akuluakulu a dziko lao lomwe, m'dziko lokhala ndi nduna zake, apolisi ake ndi malamulo ake. Mu 2023 anthu 14 a mpingo anamira pa Bangweulu ali pa ulendo wopita ku cisumbu. Kwa anansi athu ku Tanzania, Bukoba inagubuduzika pafupi ndi Mwanza pa 21 Meyi 1996 ndi anthu mazanamazana, ndipo mu 2018 Nyerere inagubuduzika pa nyanja yomweyo ya Victoria, pafupi ndi doko la Ukara, ndi kupha anthu oposa 200. Palibe kaputeni wacizungu m'nkhani zonsezi.

Lamulo tili nalo. Limachedwa Inland Waters Shipping Act, Capitala 466 ca malamulo a Zambia, ndipo mizu yake ili m'zaka za Federation, tisanalandire ufulu. Limakamba za kulembetsa mabwato ndi kuwayesa. Tilinso ndi dipatimenti ya boma yoona za maulendo a pamadzi. Pitani ku Mpulungu, doko lathu lokhalo limene limatumiza katundu kunja, mudzaona mmene simenti ndi shuga zopita ku Bujumbura zimawerengedwera, thumba ndi thumba, ndi zikalata ndi zidindo. Kenako pitani pa gombe lililonse pamene amayi ogula nsomba amakwerera, mukaone ngati pali munthu amene alemba maina ao. Kasamalidwe ka ku Beira tinakasunga bwino lomwe, pamodzi ndi kunyalanyaza kwake.

Sindikulemba izi ngati munthu woyera m'manja. Zaka zitatu zapitazo, pa chuti ca Ogasiti, ndinaperekeza azakhali anga ku Luapula kukagula nsomba. Pa gombe lina tinakwera bwato la fayiba, aja amati banana. Poyamba analowetsa matumba a unga, makreti a zakumwa, migolo iwiri ya petulo ndi njinga zitatu. Kenako tinalowa ife. Ndinawerenga mitu mpaka 50 ndi kusiya. Majekete opulumutsira ndinaona 6, ndipo onse anali atakhalidwa ndi anthu ngati mitsamiro. Ndinatsitsa dzanja kunja kwa bwato, madzi anali patali ndi mlomo wake ngati utali wa cikhatho canga. Panali poyandikira masana, mphepo itayamba kale. Ndinaimirira kuti ndifunse woyendetsa. Azakhali anandikoka shati nati, "Iwe, khala pansi. Ufuna atitsitse? Bwato lina ndi Lacisanu, nanga tidzagona kuti?" Ndinakhala pansi. Ine wa digiri, wodziwa za Plimsoll ndi za Vipya, ndinakhala pansi. Pakati pa nyanja funde linalowa kawiri, anyamata anali kukapa madzi ndi zigubu zodula, amayi ena anayamba kuimba nyimbo za kuchalichi. Tinafika. Anthu anaseka, nati Mulungu ndi wabwino.

Cimene cinandikhala pansi sicinali umbuli. Anali manyazi, kuopa kuoneka ngati wa m'tauni wodzimva, ndiponso kusowa kwa munthu aliyense pa gombe lija amene ndikanapita kwa iye. Woyendetsa amalandira ndalama pa mutu uliwonse, conco kwa iye munthu wa 51 ndi phindu. Wokwera aliyense aopa kutsala. Onse amene anali pamenepo anali ndi cifukwa cofunira kuti bwato linyamuke, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene nchito yake inali kuliletsa. Apo ndi pamene pali bowo, ndipo ndi bowo lomwelo limene linali padoko mu 1946.

Ndikudziwa zimene mudzandiyankha, pakuti ndazimva kale m'cipinda ca aphunzitsi.

Coyamba, mudzati imfa ikafika yafika, inali nthawi yao. Mau amenewa ndi abwino pa maliro, potonthoza mayi amene wataya mwana. Pakamwa pa munthu wa udindo ndi cinyengo. Nane ndimapita kuchalichi, ndipo ndinaphunzira kuti ngakhale Nowa anapatsidwa miyeso ya cingalawa asanacikhome. Ngati inali nthawi ya anthu 26 a ku Gwembe, ndifotokozereni cifukwa cake nthawi imafika kawirikawiri pa mabwato opanda majekete kuposa pa mabwato a alendo oona malo ku Livingstone, kumene mzungu wocokera ku London amavekedwa jekete asanaponde m'madzi. Mtsinje ndi wathu, dziko ndi lathu, lamulo ndi limodzi. Kusiyana kuli pa mtengo wa wokwerayo.

Caciwiri, mudzati ndife osauka. Mukaletsa mabwato odzaza, anthu a pa zisumbu za Kilwa ndi Chisenga pa Mweru, kapena a ku Chilubi, Mbabala ndi Chishi pa Bangweulu, adzafika bwanji kucipatala? Funso ili ndi lenileni, sindilipeputsa. Azakhali anga sanali opusa, anali kuwerengera ndalama ya malo ogona mausiku atatu. Koma onani kumene funsoli likuloza. Mabwato amadzaza cifukwa ndi ocepa. Ngati ndi ocepa, ndi udindo wa boma ndi makhonsolo kuonjezera maulendo, monga mmene lilili udindo wao kukonza mseu. Munthu wa pa cisumbu amavota, amalipira msonkho pa sopo ndi pa mcere monga inu. Nyanja ndiyo mseu wake. Ndipo zinthu zoyambirira sizidula. Citini ca penti cojambulira mzere m'mbali mwa bwato ndi ndalama zingati? Kope lolembamo maina ndi ndalama zingati? Ngozi ikacitika boma limapeza msanga ndalama za mabokosi, za unga wa pamaliro ndi za mafuta a galimoto za akuluakulu odzapepesa. Ndalama ya jekete imasowa, ya bokosi imapezeka.

Cacitatu, mudzati magombe ndi ambiri, anchito a boma ndi ocepa, sangakhale paliponse. Zoona. Koma pa siteshoni iliyonse ya basi muno m'Kitwe pali ngwangwazi amene amadziwa mutu uliwonse wolowa m'minibasi, ndipo palibe amene anamutumiza ku koleji. Pa msika uliwonse pali komiti imene imadziwa tebulo la aliyense. Pa gombe lililonse pali mfumu kapena nduna yake, pali wotolera ndalama za khonsolo pa mtolo uliwonse wa nsomba. Ngati tikwanitsa kuika munthu wowerenga mitolo, tingakwanitse kumupatsa munthu yemweyo kope, mluzu ndi mphamvu yonena kuti lero ayi.

Ife a ku Kopala tiyenera kumvetsa izi msanga kuposa ena, pakuti ndife ana a mgodi. Agogo anali kundiuza kuti palibe munthu anali kutsika pansi osasiya nambala yake pamwamba. Shifiti ikatha, nambala ikatsala pa bolodi, aliyense anali kudziwa kuti pali munthu amene sanatuluke, ndipo anali kudziwa dzina lake. Pamene matope anathira mu mgodi wa Mufulira pa 25 Seputembala 1970, anafa anthu 89, ndipo tikudziwa kuti ndi 89 cifukwa anali olembedwa. Zinthu zotere sizinabwere monga mphatso. Makolo athu ananyanyala nchito mu 1935 ndi mu 1940, ena anaomberedwa pa Nkana pomwepa, kuti munthu wakuda aleke kuonedwa ngati fosholo. Tsono tikuona ciani pamene kuwerenga kwasiyidwa? Mu Juni 2018 Black Mountain inagumukira anyamata athu ku Wusakile, ndipo mabanja anali kuthamanga uku ndi uku kufunsa ngati wao analipo. Pa gombe zimakhala cimodzimodzi. Bwato likamira, apolisi amayamba kufunsa m'midzi kuti ndani sanafike kunyumba.

Zimene ndikupempha ndi zinayi, ndipo zonse ndi zakale kuposa agogo anga. Bwato lililonse lonyamula anthu pa malipiro likhale ndi mzere wopentedwa m'mbali ndi nambala ya anthu amene liloledwa kunyamula, zolembedwa zazikulu kuti ndi mwana wa Giredi 2 yemwe awerenge. Pakhale jekete imodzi pa munthu mmodzi, ya ana ikhale ya ana, ndipo ivalidwe bwato lisanasunthe. Maina a okwera alembedwe m'kope limene litsala pamtunda. Ndipo pa gombe lililonse pakhale munthu mmodzi, wosalipidwa ndi mwini bwato, amene akanena kuti mphepo yakula kapena mzere wabisika, injini siliza. Pa maulendo a ana a sukulu ndionjezera cacisanu, ndipo ici ndikuuza aphunzitsi anzanga. Mphunzitsi amene akweza ana m'bwato lopanda majekete ayankhe mlandu monga woyendetsa yemwe. Tikapita ndi ana ku maseŵera timawawerenga polowa m'basi ndi potuluka. Pamadzi tisacite zocepera apo.

Kwa inu acinyamata, mbali yanu ndi iyi. Muli ndi mafoni. Mumajambula ngozi ikacitika ndi kuiponya pa Facebook ndi zithunzi za makandulo. Yambani kujambula bwato lisananyamuke. Jambulani pamene madzi afika, jambulani majekete 6 pa anthu 50, lembani tsiku ndi dzina la gombe, tumizani kwa khansala ndi kwa phungu wa deralo. Amayi anu akanyamuka ulendo wa nsomba, afunseni ngati bwato limene akwera lili ndi jekete. Ngati palibe, sonkhanani m'banja muwagulire yao, monga mmene mumasonkhera foni. Adzakusekani tsiku loyamba. Asekeni nao, koma jekete ilowe m'cikwama. Ndipo pa nthawi ya kampeni, amene adzabwera kudzapempha voti ndi zitenge, mufunseni kuti pa magombe a dziko lino ndani ali ndi mphamvu yoletsa bwato kunyamuka, ndipo dzina lake ndani.

Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndinakhala pansi tsiku lija ndipo ndinapulumuka mwa mwai cabe. Azakhali akali kupita ku Luapula miyezi iwiri iliyonse, pakuti nyumba yao imadya nsomba zomwezo. Ndinawagulira jekete ya mtundu wa lalanje. Akuti anzao amawacha amalinyero, koma amaivala.

Mwana uja wa Giredi 11 ndinamupatsa nchito ya kunyumba, pamodzi ndi kalasi yonse. Aliyense akafunse munthu mmodzi wa m'banja mwake amene anakwerapo bwato mafunso atatu: munali angati, majekete anali angati, ndipo ndani analemba dzina lanu. Lolemba anabweretsa mayankho 38. Pa funso lacitatu, onse 38 analemba kuti palibe. Mmodzi wa iwo anali mwana yemwe uja, ndipo amene anamufunsa anali amayi ake.